Kaseti Yosungidwa Pamodzi ndi Mbewu

Amuna anga anabwera kudzakhala kwathu ndi katundu wokwana pakaliyala ya njinga: sutikesi yamalata, sizasi yautelala, ndi kaseti imodzi ya vidiyo. Ife tinalibe deki, tinalibe wayilesi yakanema, ndipo magetsi tinkangowaona tikapita kuchipatala ku Nguludi. Amayi anga anaitembenuza kasetiyo uku ndi uku n'kufunsa ngati mkati mwake muli mankhwala. Nditawauza kuti muli munthu woimba gitala, anaibweza msanga n'kupukuta manja m'chitenje.

Kwathu kuno amasamuka ndi mwamuna. Nyumba amanga ndi iye, koma si yake. Mango abzala ndi iye, koma adzadya ndi abale a mkazi. Ngakhale makina amene amuna anga ankasokera pakhonde la sitolo pamsika anali a malemu amalume anga. Iwo anangowapeza, kuwathira mafuta, n'kuyamba kupalasa. Achimwene anga sankadana nawo ayi, koma pakamwa pa alamu mukupadziwa. Akalawa pang'ono ankawakumbutsa kuti mkamwini ndi tambala wobwereka, ndipo iwo ankangoseka. Pa zinthu zonse za pakhomo pathu, chimene akanaloza n'kunena kuti "ichi n'changa" popanda wina kutsokomola chinali kasetiyo basi.

Anaipeza ku Limbe, kumene ankasoka tisanakwatirane. Mzungu wina amene iwo ankamusokera makatani, pochoka m'dziko muno anawasiyira katoni ya zinthu zimene sizinakwane m'masutikesi ake. Zina zonse anagulitsa, kaseti anasunga. Masiku amenewo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankavutika ndi boma, choncho kaseti yokhala ndi munthu wa tsitsi lofika m'mapewa pachikuto sinali yoonetsa aliyense. Inatulukira poyera mu 1994, chaka chimene zinthu zambiri zinatulukira poyera. Ndi chaka chomwechonso chimene ine ndinalembedwa uphunzitsi mothamanga, ana atadzaza m'masukulu mpaka pansi pa mitengo.

Pasanapite nthawi bambo wina anatsegula vidiyo sho pamsika pathu, m'chipinda chimene kale ankasungiramo matumba a nandolo. Anali ndi deki, kawayilesi kakanema, batire la galimoto ndi mabenchi. Anyamata ankafuna makanema akarate, china chilichonse kwa iwo kunali kuwononga batire. Amuna anga anapangana ndi mwini shoyo kuti amusokera katani yakuda yapakhomo ndipo azimuzigambira mathalauza, iye aziwaikira kaseti yawo Lamulungu misa ikatha, anthu akarate asanadzaze.

Ndinapitako kangapo nditabereka mwana wathu wamkazi, amene panthawiyo anali wakhanda. Kunena zoona ine sindinamvemo nyimbo. Woimbayo anali wowonda, malaya osamanga mabatani, ataima pamaso pa chikhamu cha anthu chosaoneka polekezera, ndipo gitala yake inkalira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Nyimbo imodzi unkatha kutereka mbatata n'kupsa isanathe. Pakati pa nyimbozo pankabwera anthu achikulire atakhala pamipando, kumafotokoza m'Chingerezi chothamanga za ubwana wake, za gitala yake yoyamba, ndiponso kuti anamwalira akadali mnyamata. Ena mwa iwo ankalira. Anyamata akarate ankasuzumira pakatani n'kufuula kuti, "Atelala, maliro anuwo atha liti?"

Amuna anga sankawamva n'komwe. Ankakhala pabenchi yakutsogolo, chipewa pabondo, zala za dzanja lamanzere zikuyenda pathalauza. Gitala sankaidziwa kuimba ndipo sanaigwirepo. Panali malo amodzi amene nthawi zonse ankandikoda ndi chigongono. Nyimbo ili mkati, nsambo imodzi inkaduka n'kumalendewera, koma woimbayo osaima, osayang'ana n'komwe, kumangopitiriza ndi zotsalazo.

"Mwaona, amake mwana?" ankatero. "Ine ulusi ukaduka ndimaima. Uyu ayi."

Ndinkavomera kuti ndaona, ngakhale ndinali nditaona kale sabata yatha ndi ina ija. Pobwerera kunyumba ankayenda mopepuka, kaseti ili m'khwapa, ndipo tsiku limenelo alamu awo akanena zawo zija sizinkawalowa.

Zinasintha chifukwa cha thumba la thalauza. Mnyamata wina wachizungu amene ankathandiza kuchipatala cha mishoni anabwera pakhonde Lamulungu lina kuti amusokere thumba lobooka. Kaseti inali pathebulo la makina, ikudikira nthawi yake. Mnyamatayo anaiwala za thumba. Anaitenga ndi manja awiri, kuwerenga kutsogolo, kuwerenga kumbuyo, kuwerenganso timalemba ta m'mbali. Ine ndinali pomwepo, ndipo poti ndinali mphunzitsi ndinasanduka womasulira pamene Chinyanja chake chinkathera.

Anati kwawo kuli anthu amene amasonkhanitsa zinthu za woimba ameneyu. Anati kanema ameneyu anatuluka kanthawi kochepa n'kusiya kugulitsidwa, moti makaseti ake ndi osowa, makamaka okhala ndi kabokosi kake kosang'ambika ngati aka. Anthu oterowo, iye anati, sagula kuti aonere. Amagula kuti akhale nayo. Ndinamufunsa kawiri ngati ndamva bwino, chifukwa kwathu munthu wogula mbuzi kuti azingoiyang'ana timamuperekeza kuchipatala. Anaseka n'kunena kuti ndamva bwino, ndipo kuti ikamakalamba mtengo wake umakwera.

Anapempha kuti aigule, kapena asinthane ndi wayilesi yake yamakaseti awiri imene tonse tinkaisirira. Ine mumtima ndinali nditaiika kale wayilesiyo pawindo. Koma amuna anga anakulira m'munda wa nandolo, ndipo mlimi wa nandolo amadziwa kuti venda akafika m'mamawa akumwetulira, ndiye kuti ku Limbe mtengo wakwera. Anapukusa mutu mwaulemu. Mnyamatayo sanakakamire. Pochoka anasiya malangizo m'Chinyanja chake chodukaduka, akuwerenga pazala: "Kuonera, ayi. Kuonera kumapala. Madzi, ayi. Sungani pouma."

Madzulo ake amuna anga anandiuza maganizo awo, mwana ali pamiyendo pawo.

"Iyi ndi ya uyu," anatero. "Nyumbayi ndi yanu, munda ndi wanu, makina ndi a kwanu. Ine ndikadzapita, adzati bambo ake anamusiyira chiyani? Ndi iyi."

"Nanga ogulawo adzabwera pa minibasi iti?" ndinawafunsa.

"Akadzakula adzawapeza yekha. Adzakhala wophunzira ngati amake."

Koma panali chinthu chimene tonse awiri tinkachidziwa. Kwathu mwamuna akamwalira, katundu wake amabwera kudzatenga ndi akwawo, makamaka ana a achemwali ake. Mwana wobereka yekha amatsala ndi za kuchimake. Amuna anga ankaganiza kuti akanena mokweza ndiponso kawirikawiri kuti kaseti ndi ya mwana, anthu adzachita manyazi. Choncho ankanena paliponse, pakhonde, kutchalitchi, ngakhale pamaliro. Zotsatira zake n'zakuti dera lonse linadziwa kuti telala uja ali ndi chuma m'nyumba.

Vuto linali pouma. Amene anakhalapo ku Chiradzulu nthawi ya chiperoni akudziwa zimene ndikunena. Kamvula kaja kamawaza masiku osaleka, phiri osaoneka, mchere kusungunuka m'botolo, machesi kukana kuyaka, nsapato za tchalitchi kumera chuku pansi pa bedi. M'sutikesi munali chinyontho. M'denga la nyumba yogona munkadontha. Malo ouma chaka chonse pakhomo pathu anali amodzi okha, ndipo mlimi aliyense amawadziwa: kukhitchini, pamwamba pa moto, pamene timapachika chimanga chambewu kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe.

Amuna anga anasoka kathumba ndi nsalu yakhaki yotsala pa mayunifolomu a sukulu, msoko wapawiri, n'kuikamo kaseti ndi kabokosi kake. Anatseka kukamwa kwake ndi ulusi, osati zipi, kuti mtima usadzawanyenge. Kenako anakwera pampando n'kukamangirira pamtanda wa denga, pakati pa ngala za chimanga chambewu. Ine ndinawagwirira mpando. Kwa tonse awiri zinali zomveka: chimene chimasunga mbewu chaka chathunthu sichingalephere kusunga kaseti.

Kuyambira pamenepo sanapitenso ku vidiyo sho. Mwini wake anawafunsa kangapo, kenako anazolowera. Lamulungu misa ikatha amuna anga ankakhala pakhonde la nyumba, chipewa pabondo, kumayang'ana kumsewu. Zala zija zinkayendabe pathalauza kwa miyezi ingapo, kenako zinaleka. Alamu awo akanena za tambala wobwereka, kuseka kuja kunayamba kuchedwa kubwera. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinkapsa mtima, chifukwa munthu anali ndi chinthu chimodzi chomusangalatsa ndipo anachipachika yekha kudenga.

"Tsitsani muonere kamodzi," ndinawauza tsiku lina. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amake mwana," anayankha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chaka chilichonse mvula ikayandikira tinkatsitsa mbewu, kathumba n'kutsala kokha. Tikakolola tinkapachika ina. Kathumbako amuna anga ankakapukuta mwaye ndi kansanza, kukagwedeza pang'ono pafupi ndi khutu, n'kukabwezera. Khaki uja anasanduka wofiirira, kenako wakuda. Ine pansi pake ndinkaphika tsiku ndi tsiku, nyemba, makaka, madzi osamba, thobwa la paukwati. Mwana anakula akudziwa kuti chakuda chili kudengacho n'chake, monga mmene ana ena amadziwira kuti mbuzi yamawanga ndi yawo.

Mwana wamkulu wa achemwali awo a amuna anga ankabwera kudzationa nthawi zina kuchokera kwawo, cha ku Ndunde. Anali munthu waulemu, wobwera ndi kabichi kapena tomato pakaliyala. Koma asanatsanzike ankasuzumira kukhitchini n'kufunsa akumwetulira kuti, "Amalume, chuma chija chilipo?" Amuna anga ankayankha kuti chuma cha mwana chilipo, akutsindika pa mwana. Iye ankangoti, "Eya, eya," n'kukwera njinga.

Amuna anga anayamba kudwala m'zaka zija pamene pafupifupi khomo lililonse linali ndi munthu wogona pamkeka kuseri kwa nyumba. Makina anayamba kuwalemera, kenako njinga, kenako ulendo wochoka pabedi kufika pakhonde. Tinayenda nawo kuchipatala mpaka anamwino anatidziwa. Mwana panthawiyo anali m'kalasi lomaliza la pulayimale, wamtali ngati bambo ake, wosachedwa kufunsa. Ndi iye amene ananena, tsiku lina masana akuwapatsa phala.

"Ababa, chinthu changa chija ndingachione inu mulipo?"

Amuna anga anaika supuni pansi. Kenako anati, "Kamodzi sikangapale kwambiri."

Kupeza deki sikunali kophweka. Mavidiyo sho onse anali atasamukira ku masidi, ndipo anyamata ankaseka ukatchula kaseti. Koma mwini sho uja, amene tsopano anali ndi imvi, anali atasunga deki yake yakale pansi pa bedi. Nditamufotokozera sanafunse zambiri. Anabwera Lamulungu misa itatha, deki ndi kawayilesi pakaliyala, batire atanyamulitsa mnzake. Tinaika zonse pathebulo m'chipinda chochezera, amuna anga tinawakhazika pampando ndi mapilo, ndipo mwana anakwera kukadula chingwe cha kathumba.

Amuna anga anatumbula okha msoko ndi sizasi yawo, pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi suti ya munthu wolemekezeka. Kabokosi kanatuluka kofiirira ngati fodya wochiza, nkhope ya woimbayo ikungooneka mbuu. Kaseti inatuluka yopindika ngati makaka. Mwini deki anaiyesa kulowetsa, inakana. Anaitembenuza, inakananso.

"Chaipha n'chiyani?" amuna anga anafunsa. "Madzi sanaikhudze. Ndikulumbira, madzi sanaikhudze."

"Si madzi, atelala," mwini deki anayankha motsitsa mawu. "Ndi kutentha. Izi sizigwirizana ndi moto."

Amuna anga anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kukhitchini. Mnyamata wachizungu uja anatchula madzi, anatchula kuonera, koma moto sanautchule, mwina chifukwa kwawo palibe amene angaganize zopachika kaseti pamwamba pa mafuwa.

"Ndiye kuti tinaiwamba," anatero amuna anga.

Mwini deki sanafune kugonja. Anamasula kasetiyo ndi kasikuludiraiva, kuchotsa magudumu ake awiri a tepi, n'kuwasamutsira m'chigoba cha kaseti yakale yakarate. Tepiyo inali itamatirirana, ndipo ankaimatula ndi chikhadabo. Ulendo uno deki inameza. Pagalasi panabwera timadontho tokhatokha tothwanima, kenako mawu okoka ngati ng'ombe ikulira kutali, kenako kwa kanthawi kochepa chithunzi cha dzanja pa nsambo. Mwana anatsamira kutsogolo. Pomwepo tinamva kuti thapu mkati mwa deki, galasi n'kuyera. Tepi inali itaduka, ndipo titatsegula tinapeza yotsalayo itaumbika chibulumwa chimodzi.

Sindinawaonepo amuna anga akulira, ngakhale pamaliro a amayi awo. Tsiku limenelonso sanalire, koma nkhope yawo inagwa moti ndinalakalaka akanangolira. Anatenga chigoba chopindika chija n'kuchiika pamiyendo pa mwana.

"Mwanawe, ndakusiyira khala," anatero. "Zaka zonsezi ndimasunga khala."

Mwanayo anachiyang'ana, manja ake atada ndi mwaye. Kenako anati, "Ndiye mundiuze zimene zinalimo."

Ndinkaganiza kuti akana. Koma anapempha madzi, kumwa pang'ono, n'kuyamba. Anayambira pamene magetsi amayaka ndipo anthu amakuwa. Anafotokoza malaya, anafotokoza mmene woimbayo ankatsinzinira, mmene ankaweramira ngati akumvetsera mimba ya gitala. Anatchula nkhalamba iliyonse yolankhula pakati pa nyimbo, uyu wa magalasi, uyu wolira, ngakhale zimene ankanena sanazimvepo bwinobwino. Nyimbozo ankaziimba ndi pakamwa, mawu osasa, chifuwa chikuwadula, zala za dzanja lamanzere zikuyenda pabulangete. Mwini deki, amene anaonera kanemayo Lamulungu lililonse mosafuna, ankawakumbutsa akadumpha pena. Atafika pa nsambo yoduka anandiyang'ana ine, poti chigongono chinali kutali.

"Apa mukupadziwa, amake mwana."

"Ndikupadziwa," ndinatero. "Sanaime."

Anafika mpaka kumapeto, pamene woimbayo amaika gitala pansi n'kuchoka osatsanzika. Anatopa kwambiri moti tinawanyamula popita kukagona. Kwa ine nyimbozo zinali zomwe zija za nkhumba yapanjinga, koma ndinakhala mpaka zinatha, ndipo sindinapite kukayang'ana mphika.

Anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho. Maliro atatha, akwawo anakhala pamkeka pabwalo kuti aone katundu wa m'bale wawo, monga mwa mwambo. Ndinatulutsa zonse: sutikesi yamalata ija, majekete, nsapato, njinga, sizasi. Makina sanawakhudze, ankadziwa kuti ndi a kwathu. Mwana wa achemwali awo uja ndi amene ankatsogolera, ndipo asanayang'ane n'komwe njinga anafunsa mwaulemu wake womwe uja.

"Nanga chuma chija cha amalume?"

Achimwene anga anafuna kuyankha, ndinawaletsa ndi dzanja. Ndinatuma mwana kuti akatenge. Anabwera nako kathumba kakuda kaja atakagwira pachifuwa, n'kukapereka atagwada. Munthuyo anatulutsa kabokosi, kutulutsa chigoba chopindika, kutulutsa chibulumwa cha tepi. Ananunkhiza, n'kuyang'ana zala zake. Mwini deki, amene anali pamalirowo, anamuuza kuti ngakhale ku Limbe palibe angaiukitse, ndipo palibe angaigule ngakhale ndi mtolo wa masamba. Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro.

"Ichi musiyireni mwanayu azisewera nacho," anatero mwana wa achemwali awo uja, akupukuta manja pa udzu.

Anatenga njinga, sutikesi, majekete ndi sizasi, n'kumapita. Sindinadandaule, mwambo ndi mwambo, ndipo achimwene anga akadzamwalira mwana wanganso adzachita chimodzimodzi. Koma ndikudziwa bwino lomwe kuti kaseti ija ikanakhala yamoyo, yowala m'kabokosi kake monga anaionera mnyamata wachizungu uja, ikanakwera njinga tsiku limenelo kupita ku Ndunde, mawu onse aja a amuna anga osaphula kanthu. Inafika m'manja mwa mwini wake chifukwa inali itapsa.

Mwanayo pano ndi mayi wa ana ake, amakhala ku Limbe. Anandiuza kuti masiku ano kanema yense uja amapezeka pafoni, ndipo amuna ake anamupezera. Ndinamufunsa ngati zikufanana ndi mmene anafotokozera bambo ake. Anati sanaonere, ndipo anawauza amuna akewo kuti asadzamuikirenso. Kathumba kakhaki kali m'kabati yake yagalasi, pakati pa matambula a alendo. Ndikapita kukacheza ndimakatulutsa n'kukanunkhiza, ndipo mpaka lero kamamveka utsi wa kukhitchini kwanga.